Mafunso a Owerenga: Zigoba za Foraminifera ndi Mmene Akatswiri Amazigawira M'magulu

Makalata amene tayankha m'kope lino onse akukhudza tizamoyo ta selo imodzi totchedwa foraminifera, timene tambiri timakhala m'matope ndi mumchenga wa pansi pa nyanja zamchere. Mafunso ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

Funso: Akonzi, m'buku lina la sayansi ya miyala ndinaona chithunzi cha tizigoba tokongola tofanana ndi ta nkhono, ndipo pansi pake analemba kuti mwini wa kachigoba kalikonse ndi selo imodzi yokha. Kodi osindikiza sanalakwitse? Selo imodzi ingamange bwanji chigoba cha zipinda zambirimbiri?
Wophunzira wa ku sekondale

Yankho: Osindikizawo sanalakwitse, koma kukayikira kwanuko n'komveka, chifukwa akatswiri oyambirira kuona tizigoba timeneti nawonso anasokera pa mfundo yomweyo. Robert Hooke anajambula kachigoba kamodzi m'buku lake la Micrographia mu 1665. Carl Linnaeus mu 1758 anaika mitundu ina m'gulu limodzi ndi nautilus, nyama ya m'nyanja yamchere imene chigoba chake n'chopiringizika ndipo chili ndi zipindazipinda, ndipo Alcide d'Orbigny wa ku France, amene mu 1826 anayamba kugawa tizamoyoti m'magulu mwadongosolo, ankakhulupirirabe kuti ndi tiabale ting'onoting'ono ta nautilus. Amene anathetsa nkhaniyi ndi Félix Dujardin mu 1835. Iye sanakhutire ndi zigoba zouma, koma anayang'anitsitsa tizamoyo tidakali tamoyo pa maikulosikopu, ndipo sanapeze mutu, maso, matumbo kapena mikono. Anangoona chinthu chamadzimadzi chonanda, chimene chinkatuluka m'chigoba mwa timaulusi n'kubwereranso m'kati.

Timaulusi timeneti, totchedwa reticulopodia, ndi mbali ya selo yomweyo. Timatulukira pa khomo la chigoba, timagawikana, kenako timalumikizananso mpaka kupanga ukonde umene umatambasuka kuposa kukula kwa chigobacho kangapo. Ndi ukonde umenewu kachamoyoka kamakwawa, kamadziphatika pa mwala kapena pa udzu wa m'nyanja, kamagwira mabakiteriya ndi ndere zing'onozing'ono zimene kamadya, ndiponso kamamanga. Selo ikakula n'kupanikizika m'zipinda zimene zilipo, imatulutsa mbali ya thupi lake pa khomo, n'kuiumba m'maonekedwe a chipinda chatsopano. Pamwamba pa mbali yotulukayo imayala kachikopa kopyapyala, ndipo khoma lolimba limamangidwa pa kachikopako. Ntchito yonseyi imatha pa maola owerengeka, ndipo mitundu yambiri imayamba yadzikuta ndi zinyalala za pansi pa nyanja kuti ikhale yotetezeka pa nthawi imene chipinda chatsopanocho chidakali chofewa.

Mfundo imene ikuyankha funso lanu ndi iyi: khomo lakale silitsekedwa. Limatsala ngati bowo lolumikiza chipinda chakale ndi chatsopano, moti selo imodziyo imadutsa m'mabowo onse n'kudzaza zipinda zonse. Chipinda si selo. Kachamoyo kena kangakhale ndi nyukiliyasi zambiri pa nthawi ina ya moyo wake, koma thupi lake silinagawidwe m'maselo osiyana.

Tizamoyoti si nyama, si zomera, ndiponso si mabakiteriya. Tili m'gulu lalikulu lotchedwa Rhizaria, ndipo abale ake apafupi ndi radiolaria, tizamoyo tina ta m'nyanja timene tambiri timamanga zigoba za silica, chinthu chimene chimapezeka mumchenga ndi m'galasi. Mitundu ya foraminifera imene inapatsidwa mayina ndi pafupifupi 50,000, koma yambiri mwa imeneyi inatha kalekale ndipo imadziwika kuchokera ku zotsalira zake za m'miyala. Mwa mitundu masauzande angapo imene ilipo lero, pafupifupi 50 yokha ndi imene imayandama m'madzi. Ina yonse ndi ya pansi, ndipo zigoba za yambiri ndi zapakati pa milimita 0.1 ndi milimita imodzi.

Funso: Akonzi, ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo, ndipo ndikufuna kufotokozera ophunzira anga kusiyana kwa zigoba za foraminifera. Mabuku amene ndili nawo amangotchula mawu akuti agglutinated, porcelaneous ndi hyaline popanda kuwalongosola. Kodi kusiyanako kuli pa maonekedwe okha?
Mphunzitsi

Yankho: Aphunzitsi, kusiyanako n'kozama, chifukwa mawu atatuwo akunena njira zitatu zosiyana zimene selo imamangira khoma lake. Koma tisanafike pa atatuwo, pali khoma lina limene mabuku ambiri amalidumpha chifukwa silisungika kawirikawiri m'miyala. Limeneli ndi khoma lofewa, lopangidwa ndi mapuloteni ndi zinthu zina zimene selo imatulutsa yokha popanda mwala uliwonse, ndipo limapezeka mwa tizamoyo monga Allogromia, timene tili ndi chipinda chimodzi chokha. Kachamoyoka kakafa khoma lotere limawola msanga, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti mitundu yofewayi ndi yochepa, pamene m'matope a nyanja zakuya ilipo yochuluka zedi.

Khoma la agglutinated ndi lomata. Kachamoyo kamatola tinthu timene kapeza pansi pa nyanja, monga mchenga kapena tizidutswa ta zigoba za zamoyo zina, n'kutisanja ndi kutimata monga mmene mmisiri amamangira njerwa ndi matope. Chomatiracho chimasiyana: mitundu ina imagwiritsa ntchito chomatira chofewa chochokera m'thupi lake, pamene ina, monga Textularia, imamata ndi calcite, mtundu wa calcium carbonate umene umapanga mwala wa laimu, moti chigoba chake mukachidonthezera asidi wosungunula chimaphwasuka n'kutsala mchenga wokhawokha. Chodabwitsa pa gulu limeneli n'chakuti mitundu ina imasankha zomangira. Technitella, mwachitsanzo, imatola timinga ta masiponji a m'nyanja n'kutisanja mondondozana, ngakhale pamalo pamene mchenga wamba uli wochuluka kuposa timingato, ndipo imachita zimenezi popanda maso kapena ubongo. Makoma omata ndi amenenso amayamba kuoneka m'miyala yakale kwambiri. Timapaipi ta Platysolenites timapezeka m'miyala ya kumayambiriro kwa nyengo ya Cambrian, zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo.

Makoma awiri otsalawo onse ndi a calcium carbonate amene selo imapanga yokha kuchokera m'madzi a m'nyanja, koma kapangidwe kake n'kosiyana kotheratu, ndipo apa ndi pamene ophunzira anu ayenera kumvetsetsa. Pa khoma la porcelaneous, limene ndi la gulu la Miliolida, selo imapangira timibulu tosongoka ta calcite m'kati mwa thupi lake, m'timatumba ting'onoting'ono, kenako imatitulutsa n'kutiunjika pa khoma. Timibuluti tili ndi maginiziyamu wambiri ndipo timagona mosalongosoka, kena chopingasa, kena choimirira, kupatula muyalo wopyapyala wa pamwamba penipeni umene umakhala wosalala. Kuwala kukalowa m'khoma lotere kumamwazikana, n'chifukwa chake chigobacho chimaoneka choyera mbee ndi chonyezimira mukachiunikira pamwamba, koma chofiirira mukachidula mopyapyala n'kuchiunikira kunsi. Khomali lilibe timabowo.

Pa khoma la hyaline, calcite amamera pa khoma pomwepo, kunja kwa selo, pa kachikopa kopyapyala kaja. Timibulu take timaima molongosoka, moti kuwala kumadutsa ndipo chigoba chaching'ono chimaonekera m'kati ngati galasi. Khomali lili ndi timabowo tambirimbiri. M'gulu la Rotaliida, limene muli Ammonia, Elphidium ndi Cibicides, chipinda chatsopano chilichonse chimakhala ndi miyalo iwiri, wam'kati ndi wakunja kwa kachikopako, ndipo muyalo wakunjawo sumathera pa chipinda chatsopano chokha koma umakuta chigoba chonse chakale. Zotsatira zake n'zakuti zipinda zoyambirira ndi zimene zili ndi makoma ochindikala kwambiri, pamene chipinda chomaliza ndi chopyapyala ndipo ndi chimene chimayamba kusweka. M'gulu la Lagenida, limene muli Lagena ndi Nodosaria, khoma ndi la muyalo umodzi. Timabowo tija si makomo otulukira timaulusi monga mmene ena amaganizira, chifukwa timakhala totsekedwa ndi timapepala topyapyala ta mapuloteni. Ntchito yake yaikulu ndi yolowetsa ndi kutulutsa mpweya, ndipo mitundu ina yokhala m'matope osowa okosijeni imakhala ndi timabowo tambiri kapena tokulirapo.

Palinso makoma ena osapezekapezeka amene ndi bwino kungowatchula. Gulu la Fusulinida, limene linachuluka m'nyengo za Carboniferous ndi Permian n'kutheratu zaka pafupifupi 252 miliyoni zapitazo, linali ndi khoma la timibulu ta calcite tofanana kukula topanikizana kwambiri. Gulu la Robertinida, limene muli Hoeglundina elegans, limamanga ndi aragonite, mtundu wina wa calcium carbonate. Chigoba cha Spirillina chimaoneka pa maikulosikopu yapadera ngati mbulu umodzi wokha wa calcite, ndipo Miliammellus imamanga ndi silica.

Mukamaonetsa ophunzira zithunzi, auzeni ayambe ndi kufunsa ngati khomalo ndi lokhakhala, loyera mbee kapena loonekera m'kati. Koma achenjezeni kuti chigoba cha hyaline chikachindikala kapena chikaperepeseka chimayeranso, ndipo chimene chimathetsa mkangano ndi kufunafuna timabowo.

Funso: Akonzi, ndinapatsidwa mwala wa laimu wodzaza ndi Nummulites, tizigoba tozungulira taphanthiphanthi. Nditayang'ana tosweka pakati ndi galasi lokulitsa zinthu, ndinaona kuti tating'ono tili ndi chipinda chapakati chachikulu, pamene tikulutikulu chipinda chapakati sichioneka n'komwe. Kodi ndili ndi mitundu iwiri?
Bambo wokonda kusonkhanitsa miyala

Yankho: Bambo, n'kutheka ndithu kuti muli ndi mtundu umodzi wokha. Akatswiri a zaka za m'ma 1800 ankapereka mayina awiri kwa tizigoba totere, mpaka anazindikira kuti mayina awiriawiriwo akupezeka limodzi nthawi zonse m'miyala yomweyo. Mu 1880 Ernest Munier-Chalmas ananena kuti ndi maonekedwe awiri a mtundu umodzi, ndipo cha m'ma 1895 Joseph Lister ndi Fritz Schaudinn, aliyense payekha, anafotokoza chifukwa chake ataweta mtundu wamoyo umene lero umatchedwa Elphidium crispum.

Chifukwa chake chili m'kaberekedwe. Chipinda choyamba kumangidwa, chimene chili pakati penipeni, chimatchedwa proloculus, ndipo kukula kwake kumatengera kukula kwa kachamoyo pa tsiku limene kanayamba moyo wake. Mbadwo umodzi umayamba pamene timbewu tiwiri ting'onoting'ono takumana m'madzi. Woyamba chotere amayamba ali wamng'ono kwambiri, chipinda chake choyamba chimakhala chochepetsetsa, koma amakhala nthawi yaitali n'kumanga zipinda zambiri mpaka chigoba chake kukula. Akakhwima, selo yake imagawikana m'tiana tambirimbiri popanda kukumana ndi inzake. Kamwana kalikonse kamatenga gawo lokulirapo la thupi la kholo, choncho chipinda chake choyamba chimakhala chachikulu, koma sikamanga zipinda zambiri ndipo chigoba chake chimatsala chaching'ono. Mbadwo wachiwiriwu ndi umene umadzatulutsa timbewu tija, ndipo zinthu zimayambiranso. Potengera kukula kwa chipinda choyambacho, akatswiri amatcha chigoba chachikulucho microspheric, chaching'onocho megalospheric, ndipo m'miyala yambiri tizigoba tating'onoto ndi timene timachuluka.

Mwala wanuwo uli ndi anzake otchuka. Mapiramidi a ku Giza, ku Egypt, anamangidwa makamaka ndi miyala ya laimu ya nyengo ya Eocene imene ili ndi Nummulites wambiri, ndipo Strabo, wolemba wachigiriki amene anafika kumeneko zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, analemba kuti anthu ankati tizigoba tating'onoto ndi zotsalira za chakudya cha omanga mapiramidiwo zimene zinasanduka miyala.

Funso: Akonzi, buku langa lakale limagawa foraminifera m'magulu asanu potengera khoma la chigoba, koma pa intaneti ndikupeza mayina ena, Globothalamea ndi Tubothalamea, amene m'bukumo mulibe. Kodi bukulo nditaye?
Mayi wophunzira sayansi ya miyala pa yunivesite

Yankho: Musalitaye, mayi, koma dziwani chimene lingakuuzeni ndi chimene silingakuuzeni. Kuti zimenezi zimveke tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono, chifukwa kagawidwe ka tizamoyoti kasintha maziko ake kangapo.

D'Orbigny anagawa potengera kasanjidwe ka zipinda, ndipo anaumba zifanizo 100 zikuluzikulu za tizigobati kuti anthu opanda maikulosikopu aone zimene ankanena. Kasanjidwe ka zipinda ndi chinthu chimene munthu amayamba kuona. Lagena ili ndi chipinda chimodzi. Nodosaria imaika zipinda pa mzere umodzi wowongoka, Textularia ndi Bolivina pa mizere iwiri yosinthanasinthana, Bulimina ndi Uvigerina pa mizere itatu. Elphidium imazunguliza zipinda zake pamalo athyathyathya moti mbali ziwiri za chigoba zimaoneka mofanana, pamene Ammonia imazizunguliza zikutsetsereka, moti mbali imodzi mumaona zipinda zonse koma mbali inayo mumaona za mzere womaliza zokha. Quinqueloculina ili ndi njira yakeyake: chipinda chilichonse ndi chachitali kuchokera kumutu mpaka kunsi kwa chigoba, khomo limasinthanasinthana mbali, ndipo kunja kumaoneka zipinda zisanu, zinayi mukayang'ana mbali imodzi ndi zitatu mukatembenuza. Vuto la njira ya d'Orbigny linali lakuti kasanjidwe kamodzi kamapezeka mwa tizamoyo tosagwirizana n'komwe. Textularia ndi Bolivina zonse ndi za mizere iwiri, koma ina khoma lake ndi la mchenga womata, inayo ndi la hyaline.

Choncho akatswiri anatembenukira ku khoma. Mu 1862 William Carpenter ndi anzake a ku Britain anagawa tizamoyoti pawiri, tokhala ndi timabowo ndi topanda timabowo. Henry Brady mu 1884 anasindikiza lipoti lake lalikulu la zigoba zimene sitima ya HMS Challenger inatola pa ulendo wake wa 1872 mpaka 1876, ndipo Joseph Cushman wa ku America, amene ntchito yake inathandiza kwambiri makampani ofufuza mafuta, anachulukitsa mabanja m'zaka za m'ma 1920. Magulu asanu a m'buku lanu ndi a Alfred Loeblich ndi mkazi wake Helen Tappan, amene mu 1964 anakhazikitsa Allogromiina wa khoma lofewa, Textulariina wa khoma lomata, Fusulinina, Miliolina ndi Rotaliina. Iwo eniwo anadzawonjezera maguluwo kufika pa 12 m'buku lawo lalikulu la 1987. Maganizo awo anali akuti njira yomangira khoma ndi chinthu chozama chimene sichisintha wamba, choncho tizamoyo ta khoma lofanana tiyenera kukhala ta kholo limodzi.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, akatswiri anayamba kuwerenga DNA ya mitundu yamoyo, ndipo zimene anapeza zinagwirizana ndi maganizo amenewa pena, n'kuwatsutsa pena. Miliolida anatsimikizika kuti ndi banja lenileni, koma munalowanso Miliammina fusca, kachamoyo ka m'madambo amchere kamene khoma lake ndi la mchenga womata ngakhale kasanjidwe ka zipinda zake ndi kofanana ndi ka Quinqueloculina. Gulu la makoma omata linabalalika, chifukwa kunapezeka kuti kumata mchenga kunatulukira kapena kunatsalira m'nthambi zingapo zosiyana. Mitundu ya chipinda chimodzi, ya khoma lofewa ndi ya khoma lomata, inapezeka yosakanikirana m'nthambi zakale kwambiri za kunsi kwa mtengo wa ubale. Mitundu yoyandama, imene mabuku ena ankaipatsa gulu lakelake, inapezeka kuti ndi ana a Rotaliida a pansi pa nyanja.

Mu 2013 Jan Pawlowski, Maria Holzmann ndi Jarosław Tyszka anasonkhanitsa zonsezi n'kupereka magulu awiri amene mwawapeza pa intanetiwo. Chimene ine ndimachiona chosangalatsa n'chakuti magulu a DNA amenewa akuonekanso pa chigoba, kungoti pa mbali imene anthu sankaiona ngati yofunika: maonekedwe a chipinda chimodzichimodzi. Tubothalamea ali ndi zipinda zazitali za kapaipi, makamaka kumayambiriro kwa moyo, moti khomo latsopano limakhala kutali ndi lakale. M'menemo muli Miliolida, Spirillina ndi Ammodiscus wa mchenga womata. Globothalamea ali ndi zipinda zobulungira kapena zokhota mofupika, khomo latsopano limakhala pafupi ndi lakale, ndipo m'menemo muli Rotaliida, Robertinida ndi mitundu yambiri yomata ya zipinda zambiri monga Textularia. Mitundu ya chipinda chimodzi imangotchedwa monothalamids, ndipo aliyense amavomereza kuti si banja limodzi. Lagenida sanalowe bwino m'magulu awiriwo, ndipo akatswiri ena amawaika m'gulu laokha lotchedwa Nodosariata.

DNA inasokonezanso zinthu pa mlingo wa mitundu. Kwa zaka zambiri dzina lakuti Ammonia beccarii linkaperekedwa kwa pafupifupi Ammonia aliyense wa m'magombe a dziko lonse, koma kafukufuku wa Bruce Hayward ndi anzake wa mu 2004 anaonetsa kuti pansi pa dzina limodzilo panabisala mitundu yoposa khumi, imene kusiyana kwa zigoba zake n'kochepa koma kulipo.

Nanga bukulo? Mitundu yambiri ya foraminifera ndi yakale yosanduka miyala ndipo ilibe DNA yoti aliyense awerenge. Fusulinida adzagawidwabe potengera khoma ndi zipinda basi. Munthu amene wakhala pa maikulosikopu ndi mchenga wosefa amazindikirabe kachigoba poyang'ana khoma, kenako kasanjidwe ka zipinda, kenako malo ndi maonekedwe a khomo, ndipo pa ntchito imeneyi mafotokozedwe a Loeblich ndi Tappan akugwirabe ntchito m'malabotale. Chimene simuyenera kutengamo ndi maganizo akuti magulu asanu aja ndi mabanja a kholo limodzi.

Funso: Kodi foraminifera wamkulu kwambiri amafika pati, ndipo m'nyanja za madzi opanda mchere aliko?
Wowerenga

Yankho: Aakulu kwambiri ndi xenophyophores a m'nyanja zakuya, amene amamanga zigoba zosalimba za matope ndi mchenga womata. Syringammina fragilissima, amene Brady anamufotokoza mu 1883 atapezeka kumpoto kwa Scotland, amafika masentimita 20, ndipo ndi selo imodzi ya nyukiliyasi zambirimbiri imene imadutsa m'timapaipi tolukanalukana. Kwa nthawi yaitali akatswiri sankagwirizana kuti zamoyo zimenezi ndi za gulu liti, ena ankati ndi masiponji, mpaka DNA inaziika pakati pa foraminifera a chipinda chimodzi. Zimachuluka kwambiri m'dera la Clarion-Clipperton m'nyanja ya Pacific, kumene zambiri zimadziphatika pa mibulu ya manganese imene makampani akufuna kukumba. Mwa mitundu ya calcite, Cycloclypeus carpenteri amafika pafupifupi masentimita 10. Ameneyu ndi anzake a m'madzi ofunda osaya amakula chotere chifukwa amasunga ndere zamoyo m'zipinda zawo, ndipo makoma awo opyapyala amalola kuwala kwa dzuwa kufika pa nderezo.

M'madzi opanda mchere aliko, koma ndi ochepa ndipo alibe zigoba za calcite. Reticulomyxa filosa alibe chigoba chilichonse, ndipo DNA ya mitundu ina yofewa inapezeka m'matope a nyanja ya Geneva ngakhalenso m'dothi lonyowa. Mitundu ya zigoba zolimba imafuna mchere, n'chifukwa chake kutali ndi nyanja zikuluzikulu imapezeka m'madzi amchere monga a nyanja ya Caspian.

Funso: Akonzi, ndikumva kuti akatswiri amathera moyo wawo wonse akusiyanitsa tizigoba timene maso sangatione bwino. Kodi kudziwa khoma ndi dzina lenileni la kachigoba kumathandiza chiyani?
Gogo wopuma pa ntchito

Yankho: Agogo, khoma la chigoba limanena za madzi amene mwini wake ankakhalamo. Calcium carbonate amasungunuka msanga m'madzi ozizira, akuya ndi a asidi wochulukirapo, ndipo m'madera ambiri a nyanja zikuluzikulu pali malire, pakati pa mamita 4,000 ndi 5,000, amene kunsi kwake zigoba za calcite sizikhalitsa. Kumeneko kumatsala mitundu yomata ndi yofewa, ndipo m'matope a Challenger Deep, malo akuya kwambiri m'nyanja ya Pacific, pa kuya kwa mamita pafupifupi 10,900, akatswiri anapezamo makamaka ya makoma ofewa. M'madambo amchere a m'mphepete mwa nyanja, mmene matope ali ndi asidi, mumachulukanso mitundu yomata monga Trochammina inflata. Miliolida amakonda madzi ofunda, osaya ndi a mchere wambiri, monga a ku Persian Gulf. Choncho munthu akatsuka matope akale pa sefa ya mabowo a milimita 0.063, n'kutola tizigoba pafupifupi 300 ndi kaburashi konyowa, n'kuwerenga kuti tomata ndi tingati, toyera ndi tingati, toonekera m'kati ndi tingati, amadziwa kale zambiri za malo amene matopewo anaunjikana. Ofufuza mafuta amadalira zimenezi chifukwa chobowolera pansi chimaphwanya zotsalira zikuluzikulu, pamene tizigobati timatuluka tathunthu, ndipo mitundu imene inakhalapo kwa nthawi yochepa imasonyeza zaka za muyalo uliwonse wa mwala.

Pa nkhani ya nyengo zakale ndi pamene dzina lenileni limafunika kwambiri. Kachamoyo kakamamanga khoma la calcite kamatenga mitundu iwiri ya okosijeni yosiyana kulemera, okosijeni-16 ndi okosijeni-18, pa mlingo umene umatengera kuzizira kwa madzi ndi kuchuluka kwa madzi oundana pa dziko lapansi. Cesare Emiliani anayamba kuyeza zimenezi m'zigoba za foraminifera m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 2005 Lorraine Lisiecki ndi Maureen Raymo anaphatikiza zoyeza za m'malo 57 a pansi pa nyanja n'kupanga mbiri ya nyengo ya zaka 5.3 miliyoni, yochokera ku mitundu ya pansi yokhayokha. Koma mitundu iwiri yokhala pamalo amodzi siilemba zofanana. Cibicidoides wuellerstorfi amakhala pamwamba pa matope, pamene Uvigerina amakhala m'kati mwake, mmene zinthu zowola zimasintha kaboni wa m'madzi, moti wofuna kudziwa za madzi a pansi pa nyanja amayeza kaboni wa m'chigoba cha Cibicidoides. Ngakhale pa okosijeni, zoyeza za Cibicidoides zimatsika ndi pafupifupi magawo 0.64 pa 1,000 poyerekeza ndi za Uvigerina, ndipo akatswiri amawonjezera nambala imeneyi asanaphatikize ziwirizo. Amene wasakaniza mitundu iwiriyi potola angaone ngati madzi a pansi pa nyanja anasintha kutentha ndi madigiri oposa awiri pa nthawi imene sanasinthe n'komwe.